Zosesa pa ayezi zija: kodi mpikisano wa ku Europe unayamba bwanji?

MaiWaAwiri_Abz
Abale a gulu lino tandithandizeni. Kuntchito kwathu kosamalira okalamba kuli madala ena ake zaka zapitirira 80, November akangofika rimoti amaikumbatira okha palibe wosintha tchanelo, ati kuli ma European a curling. Ine chomwe ndimaona ndi anthu akuluakulu andevu zawo akutsetsereketsa mwala pa ayezi, awiri akuthamangira kutsogolo kwake kumasesa, wina kumapeto uko akukuwa mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Madalawo amati mpikisanowu anauonera pamaso ku Aviemore akadali ndi mphamvu zawo. Nde funso langa ndi loti unayamba liti ndipo chikomereni chake nchani, poti mwana wanga akuti akatswiri enieni ndi a ku Canada ndipo ku European kulibeko Canada. Ndiye ndi mpikisano wa otsalira?

Chitedze_G42
Kkkkk mayi inu, tsache tinalisiya ku Ndirande tadzalipezanso kuno likupatsa anthu mendulo

GoloWaKuNtcheu
Masewera a anthu okhuta awa. Pitilizani ine ndingowerenga

MkuluWaKuPerth
Mayi, madala anuwo sakunama, mu 1978 mpikisanowu unachitikadi ku Aviemore ndipo kanali koyamba kubwera ku Scotland. Koma unayambira ku France, katauni ka m'mapiri kotchedwa Megève, chaka cha 1975. Kwa abambo anawina a Norway, kwa amayi anawina a Scotland motsogozedwa ndi Betty Law. Chaka chotsatira anakauchitira ku West Berlin, kenako Oslo, kenako ndi Aviemore yomwe akunena madalawo. Kuyambira pamenepo wakhala ukuchitika chaka ndi chaka cha m'ma November kapena December, kupatula 2020 pomwe korona anatseka zonse, umayenera kukakhala ku Lillehammer nde anangousunthira 2021 malo omwewo.

Zoti ndi wa otsalira ayi ndakana. Taonani chinthu ichi, mpikisano wa dziko lonse wa abambo unayamba mu 1959 ngati Scotch Cup, ndipo poyamba anali ma timu awiri basi, Scotland ndi Canada, a Canada nkumangokwapula. Koma pofika m'ma 70 ena anali atadzuka, Sweden inatenga cha dziko lonse mu 1973, Switzerland mu 1975, Norway mu 1979. Ndiye mmene ndimaonera ine, anthu a ku Europe anaona kuti achuluka ndipo akutha, bwanji osakhala ndi chikho chawochawo mmalo modikira kukakumana kamodzi pachaka pamaso pa a Canada. Chinanso chomwe anthu amaiwala, amayi analibe mpikisano wa dziko lonse mpaka 1979 pomwe woyamba unachitikira konkuno ku Perth ku Scotland. Kutanthauza kuti kwa zaka zoyambirirazo European ndi komwe amayi a maiko osiyanasiyana a kuno amakumanirana pa chikho chachikulu.

Chitedze_G42
Akulu mwayamba kale leckcha, mmawa uno

MaiWaAwiri_Abz
Asiyeni alankhule inu a Chitedze, ine ndi amene ndafunsa. Koma ankolo musanapite patali, akusesawo amasesa chani poti ayeziyo amaoneka woyera kale?

NtchentcheYaKuFife
Ilo ndiyankhe ndine asisi poti mwana wanga wamkazi amasewera ku kalabu ya ana ndiye ndazizidwa nazo mokwanira. Samasesa zinyalala ayi. Ayezi wa curling si wosalala ngati wa skating, masewera asanayambe munthu amayenda chammbuyo akuwaza timadontho ta madzi, timadonthoto tikaundana pamakhala timatuza ting'onoting'ono, mwala umayenda pamwamba pa timeneto. Woponya amaupotoza pang'ono chogwirira pousiya nde umapita ukukhota. Osesa akamakwecha mwamphamvu kutsogolo kwake ayezi amafunda pang'ono, mwala umapita patali komanso sukhota msanga. Wokuwa uja ndi skip, kaputeni, iye ndi amene akuona njira nde amawauza kuti kwechani kapena siyani. Timu imakhala ya anthu 4, aliyense miyala iwiri, ndiye 8 mbali iyi 8 mbali inayo. Yonse ikatha amaona mwala womwe uli pafupi kwambiri ndi pakati pa zozungulira zojambulidwa kumapeto kwa bwalo zija, timu ya mwala umenewo yokha ndi imene imapeza mapointi, amawerenga miyala yawo yonse yomwe yaposa mwala wabwino wa adani. Akatero atembenuka kuyambiranso mbali inayo, pa mipikisano ikuluikulu mpaka ka 10. Mwala umodzi umalemera pafupifupi makilo 20 ndipo bwalolo ndi lotalika mamita 45, musaone ngati nzamasewera, osesa aja amatuluka thukuta pa ayezi pomwepo.

GoloWaKuNtcheu
Makilo 20 ndi thumba la ufa la pa shopu ya amwenye lija, ife timanyamula tsiku ndi tsiku popanda mendulo

Kadziotche_Leeds
Ine vuto langa si kusesa. Vuto langa ndi loti mpikisano umenewu ndi kagulu ka anthu okhaokha omwewo. Sweden, Scotland, Switzerland, Norway, Germany, basi. Zaka pafupifupi 50 mbale ikungozungulira anthu asanu, enawo amangopita kukaperekeza. Niklas Edin wa ku Sweden yekha anali atawina ka 7 pofika 2019, ndipo kuyambira 2014 mpaka 2017 anatenga zinayi zotsatizana osapumira. Atangotopa iye kwabwera Bruce Mouat wa ku Scotland, 2018, 2021, 2022, 2023. Kwa amayi Anette Norberg wa ku Sweden anatenga zisanu zondondozana kuyambira 2001 mpaka 2005. Nde mukandiuze kuti pali mpikisano pamenepo? Ukudziwiratu wowina usanayatse TV

MkuluWaKuPerth
Achimwene a ku Leeds manambala anuwo ndi oona koma mwasankha okukomerani. Nanga Finland ya Markku Uusipaavalniemi mu 2000? Nanga amayi a ku Russia mu 2006 ku Basel, dziko loti m'ma 70 curling samaidziwa nkomwe, kenako anadzatenganso 2012, 2015 ndi 2016? Nanga Denmark ya Madeleine Dupont mu 2022 ku Östersund, ndani anailosera? Ndipo Mouat mukumutamayo mu 2024 ku Lohja anagwa mu fainolo kwa anyamata a ku Germany a Marc Muskatewitz, Germany yoti abambo ake anali atakhala zaka 20 osachiona chikhocho. Inu munadziwiratu zimenezo musanayatse TV?

Kadziotche_Leeds
Germany ili pa mndandanda wanga wa asanu aja akulu, mwandithandiza

Chitedze_G42
Uusi chani? Dzina limenelo mwalemba nokha kapena mphaka waponda kiyibodi

NyaPaisley
Ine ndili mbali ya a Kadziotche pang'ono koma chifukwa chake ndi china. Mukaona komwe mpikisanowu umachitikira zaka zoyambirira muona kuti kangapo konse anali malo a tchuthi cha anthu andalama m'mapiri a Alps, Megève, Grindelwald, Morzine, Engelberg, Chamonix. Grindelwald yokha inalandira mu 1981, 1985, 1995 ndi 2002. Sizinangochitika, curling inafika ku Switzerland ndi alendo a ku Britain omwe amapita kukapuma nyengo yozizira kumahotela a m'mapiri m'zaka za m'ma 1800, ku Sweden nako anapititsa ndi munthu wa ku Scotland yemwe anakakhazikika ku Uddevalla. Ndiye maiko omwe anayamba kale ali ndi ma rinki (mabwalo a ayezi), makochi, ana oyamba ali ndi zaka 8, pomwe dziko lina lili ndi rinki imodzi yobwereka kwa a hockey usiku wa manu. Mpira umangofuna bwalo ndi chikulunga, izi zimafuna nyumba yonse ya firiji. Kusiyana kumayambira pamenepo osati pa luso.

MkuluWaKuPerth
Apo mwanena zoona mayi, koma onaninso mmene mapu anasinthira chikomyunizimu chitagwa. 2004 mpikisano unapita ku Sofia ku Bulgaria, 2011 ku Moscow, 2018 ku Tallinn ku Estonia. Maiko atachuluka sizikanatheka onse kusewera pamodzi sabata imodzi nde anagawa magulu, A, B kenako anadzaonjezera C. Mu A mumakhala ma timu 10 abambo 10 amayi, awiri akumunsi amatsika, awiri apamwamba a mu B amakwera, chimodzimodzi pakati pa B ndi C. Ndipo apa ndi pomwe pali yankho la mayi anafunsa aja. Kwa zaka zambiri European sichinali chikho chokha, chinali chipata. Kawirikawiri ma timu 8 apamwamba ndi amene ankapeza malo ku World Championship, mpikisano wa dziko lonse uja, ndipo mapointi opitira ku Olympics amachokera ku World komweko. Ndiye gemu yowawa kwambiri sabata imeneyo nthawi zambiri sinkakhala fainolo, inkakhala ya timu ya nambala 8 ndi 9 Lachinayi masana anthu ochepa akuonera, woluza chaka chonse chapita. Ine ndimakonda zimenezo kuposa kuona Edin akunyamula chikho china. Amayi a ku Turkey a Dilşat Yıldız anachokera pansi penipeni nkukwera mpaka mu A, mu 2022 anakasewera World Championship koyamba. Turkey abale. Popanda makwerero amenewa akanadutsira kuti?

Kadziotche_Leeds
Kukwera ndi kwina kuwina ndi kwina. Akawina mudzandiitane

NtchentcheYaKuFife
Italy nayo kale inali yongoperekeza, kenako Joël Retornaz anafika poti palibe amene ankafuna kukumana naye, ndipo ku Beijing 2022 Stefania Constantini ndi Amos Mosaner anatenga golide wa awiriawiri osaluza gemu olo imodzi. Zimatenga nthawi basi achimwene

Dzungu_la_Gogo
Pepani ndalowa mochedwa ndinali pa shifiti. Chomwe chimandisokoneza ine, pa Olympics ndimaona Great Britain koma apa mukuti Scotland. Ndi timu ziwiri?

NyaPaisley
Ku European ndi ku World aliyense amayenda yekha, Scotland payokha, England payokha, Wales payokha, ngati mmene zilili ku mpira. Ku Olympics ndi komwe amavala malaya a Great Britain koma ukayang'ana osewerawo pafupifupi onse ndi a ku Scotland. Eve Muirhead anawina European mu 2011, 2017 ndi 2021 ngati Scotland, patangopita miyezi yochepa February 2022 watenga golide ku Beijing ngati GB, ndipo anali golide yekhayo wa Britain pa masewera amenewo. Mouat anabwera ndi siliva, anamugonjetsa ndi Edin yemweyo mu fainolo. Nde mayi a ku Aberdeen mukamuuze mwana wanu kuti fainolo ya abambo ya Olympics imeneyo inali ya ma timu awiri a ku Europe, Canada inatenga buronzi.

MaiWaAwiri_Abz
Eeh ndikamuuza ndithu, amadzimva kudziwa zinthu ameneyu. Komanso ndangomva kuti European ya 2023 inali konkuno ku Aberdeen, zoona ine osadziwa? Ndimangoona anthu a majekete a mayiko m'tauni ndimayesa za mafuta zomwezi

MkuluWaKuPerth
Konko mayi, ndipo kanali kachiwiri, koyamba ndi 2009 pomwe Edin anatenga chikho chake choyamba, kwa amayi anawina Andrea Schöpp wa ku Germany, mayi woti anayamba kuwina European m'ma 80. Mu 2023 Mouat anawinira pakhomo, amayi anatenga a Switzerland a Silvana Tirinzoni. Scotland yalandirapo kangapo, Aviemore, Kirkcaldy 1982, Perth 1988 ndi 1992, Braehead 2016.

NyaPaisley
Ya ku Braehead ndi pakhomo panga, anthu amachoka kogula zinthu mu shopping centre ndi majumbo awo kulowa kukaonera

GoloWaKuNtcheu
Chabwino ndamva. Nanga ife tilowa gulu liti, D? Paja Blantyre yathu dzina linachokera konkuno kwa Livingstone, anatibweretsera tchalitchi ndi sukulu koma mwala wa curling anauiwala pa doko

Chitedze_G42
Ndi magetsi athu aja rinki ingasanduke dziwe pofika 10 koloko, tizidzaweta chambo

Dzungu_la_Gogo
Kkkk koma inu. Komatu paja ku Mulanje miyala ndi mbwee, tingomawagulitsa miyalayo basi tisavutike ndi kusewera

NtchentcheYaKuFife
Si mwala uliwonse achimwene. Yomwe amaseweretsa pa mipikisano ikuluikulu imachokera pa kachilumba kotchedwa Ailsa Craig, mukamayenda mseu wa kugombe cha ku Girvan mumakaona kali tu pakati pa nyanja. Mwala wake sumwa madzi kwenikweni nde suphulika kapena kukumbika ukamaundana ndi kusungunuka, komanso umapirira kugundana. Amasema ndi a kampani ya Kays ku Mauchline ku Ayrshire, akhala akupanga kuyambira 1851. Pachilumbapo sipakhala anthu, ndi malo otetezedwa a mbalame za m'nyanja, ndiye sapita kukatenga miyala chaka chilichonse, amakatuta yambiri kamodzi nkusunga ya zaka. Kwina komwe imachoka ndi ku Trefor ku Wales. Nde olo a Sweden awine kangati, mwala omwe akuwinirawo ngwa ku Scotland, apongozi anga amadzitonthoza ndi mawu amenewo chaka chilichonse.

MkuluWaKuPerth
A Golo funso lanu mwafunsa moseka koma lili ndi yankho. Ku Africa dziko loyamba kulowa m'bungwe la curling la dziko lonse ndi Nigeria mu 2018, Kenya inatsatira mu 2021. Likulu la bungwelo lili konkuno ku Perth. Poti ku Africa kulibe mpikisano wakewake, iwowa samabwera ku European, anawaika mbali inayo. Kunali mpikisano wa Pacific womwe unayamba mu 1991 ku Japan, wa maiko ngati Japan, Australia, New Zealand, kenako Korea ndi China, mu 2022 anauphatikiza ndi wa ku America nkupanga Pan Continental, woyamba unachitikira ku Calgary. Ndiye dziko lonse analigawa pawiri, Europe uku, ena onse uku. Izi zokha zinaonetsa kulemera kwa European, kontinenti imodzi chipata chakechake, makontinenti ena onse kuthithikana pa chipata chimodzi.

Kadziotche_Leeds
Ndi zomwe ndikunena zija, mwafika nokha. Europe inkatenga malo 8 ku World, dziko lonse lotsala ligawane nyenyeswa. Kagulu

MkuluWaKuPerth
Maiko ambiri osewera curling ali ku Europe achimwene, malo amatsata kuchuluka kwa ma timu. Mukufuna apereke malo kwa dziko lomwe lilibe rinki?

Kadziotche_Leeds
Ku mpira ankanenanso zomwezo pomwe Africa yonse inali ndi malo amodzi ku World Cup

NyaPaisley
Apa nde a Kadziotche mwagoletsa kkkk. Koma kusiyana kwake mpira ku Africa unalipo kale anthu amangomanidwa malo, curling kulibe ndipo kuipanga kuti ikhaleko ndi ndalama zoti boma lililonse lanzeru lingagulire mankhwala. Ndalama zimenezo bola apatse ma Queens, atsikana aja afika patali ndi netball popanda ngakhale bwalo lamkati loyenera kwa zaka zambirimbiri.

GoloWaKuNtcheu
Nkhani ya ma Queens musaiyambe muno titha sabata

Dzungu_la_Gogo
Mwawi Kumwenda akanabadwira ku Stirling bwenzi ali skip ameneuja, diso lake lija

MaiWaAwiri_Abz
Tabwererani ku ayezi abale. China chomwe ndinaona, munthu anagunda mwala ndi burashi yake nkudzinenera yekha, lefu osaimba wezulo. Zimatheka bwanji pa mpikisano waukulu chonchi?

NtchentcheYaKuFife
Ndi mwambo wawo asisi ndipo ana amaphunzitsidwa zimenezo asanaphunzire kuponya. Ukakhudza mwala ukuyenda umanena wekha, ma skip awiri amagwirizana chochita. Oyang'anira alipo koma ntchito yawo yambiri ndi kuyeza miyala ikayandikana kwambiri ndi kusunga nthawi. Timu ikaona kuti yatsalira kwambiri sidikira mpaka kumapeto, imangovula magolovesi kupereka moni gemu yatha, ndipo palibe amene amaiona ngati manyazi. Kusangalala mnzako akaphonya ndi mwano waukulu. Osati kuti ndi angelo, cha m'ma 2015 kunabuka mkangano wa maburashi atsopano omwe nsalu yake imakanda ayezi mpaka osesa kumauwongolera mwala mmene akufunira, woponya olo aponye zopanda pake mwala umakafika. Ma timu anakwiyirana zedi mpaka bungwe linachita kukhazikitsa nsalu imodzi yovomerezeka mu 2016. Malamulo enanso asintha mmene European imaonekera, kale timu ikatsogola imangochotsa mwala uliwonse wa adani gemu nkukhala yogonetsa tulo, nde anabweretsa lamulo loti miyala yoyambirira yoima kutsogolo ngati alonda usaichotse, kuyambira 2018 ndi miyala 5 yoyamba. Madala anuwo mukawafunse za curling ya ku Aviemore akuuzani kuti inali ina, ndipo ndikhulupirira adzati yakale ndiyo inali yeniyeni.

Chitedze_G42
Kudzinenera wekha? Ku mpira wa kwathu munthu amagwira ndi manja awiri nkulumbira pa manda a agogo ake kuti chinali chifuwa

Kadziotche_Leeds
Ine wanga anali Thomas Ulsrud wa ku Norway basi, wa mathalauza a mawangamawanga uja. Anawina European 2010 ndi 2011, munthu yekhayo amene anandipangitsa kusiya rimoti. Anamwalira mu 2022 ndi khansa, ali ndi zaka 50 zokha

MkuluWaKuPerth
Ndiye mumaonera bwanji inu, tsiku lonse mwakhala mukunyoza

Kadziotche_Leeds
Kuonera ndimaonera akulu, kunyozako ndi ufulu wanga

GoloWaKuNtcheu
Kunena zoona mmene mwafotokozeramu zikumveka ngati bawo, kuwerengeratu kuti ndikaika apa mnzanga adya pati. Mwina ndingayeseko kamodzi koma wina alipire

NtchentcheYaKuFife
Ma rinki ambiri kuno amakhala ndi masiku a ongoyamba kumene, amakubwereka burashi ndi chovala kuphazi choterera, iwe umangobwera ndi ma trainer oyera pansi ndi thalauza lotambasuka, jinzi yothina mudzang'amba pogwada ndakuuziranitu. Tikakwana 8 ndi ma timu awiri kale. Amene akufuna alembe muno ndifunse ku kalabu ya mwana wanga za Loweruka lina.

NyaPaisley
Ndilembeni, ndi amuna anga omwe olo sakudziwa

Dzungu_la_Gogo
Ine ndidzakhala wokuwa uja, zogwada ndi bondo langali ayi

NtchentcheYaKuFife
Skip nayenso amaponya achimwene, ndipo miyala yake kawirikawiri ndi iwiri yomaliza yovuta kwambiri. Komanso dziwiranitu mwambo wa kumakalabu, gemu ikatha owina ndi amene amagulira oluza zakumwa

Chitedze_G42
Basi ndiikeni timu imodzi ndi a Golo, tiluza bwinobwino